Rozi akachita chikasu, tisathamangire feteleza

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, ya masamba a rozi amene amachita chikasu. Ndalima marozi kwa zaka zambiri, pansi ndi m'miphika momwe, ndipo funso limene anthu amandifunsa kuposa ena onse ndi limeneli. Chandikhudza ndi yankho limene lafala pakati pathu, limene ndimalimva kwa ogulitsa mbande ndipo ndaliwerengaponso m'nkhani za ulimi. Akuti rozi akachita chikasu ndiye kuti ali ndi njala kapena ludzu, muthireni feteleza, muwonjezere madzi. Langizoli pena limagwira. Koma marozi ochuluka amene ndawaona akufera m'manja mwa anthu owakonda sanafe ndi njala. Anafa atathiridwa feteleza pa mizu yowola kale, kapena akumwetsedwabe madzi ali m'thope. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mwini wake amakhala kuti wachita zonse zimene anauzidwa.

Chikasu pachokha si matenda. Chimangoonetsa kuti tsamba lasiya kupanga, kapena layamba kutaya, chinthu chobiriwira chija chotchedwa chlorophyll, chimene mbewu imapangira chakudya chake padzuwa. Zochititsa zimenezi n'zambiri, ndipo zina n'zotsutsana: madzi ochuluka ndi madzi ochepa, feteleza wosakwanira ndi feteleza wopyola muyezo. Choncho musanathire kanthu kalikonse, gwadani pafupi ndi roziyo mumuyang'anitsitse. Masamba achikasuwo ndi ati, akale a m'munsi kapena anthete a kunsonga? Tsamba lonse lafwifwa mofanana, kapena mitsempha yake idakali yobiriwira? Pali madontho? Mukalitembenuza, kunsi kwake kuli chiyani? Nanga mukapisa chala m'dothi mukumva bwanji? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa rozi mawuwa ndi oona. Pempho langa kwa inu Akonzi n'lakuti wowerenga akakulemberani za vutoli, mlangizi wanu aziyamba wamufunsa mafunso amenewa, kapena azimupempha chithunzi cha tsamba mbali zonse ziwiri, asanamuuze chogula.

Pa mafunso onsewa, loyamba lija ndi lofunika koposa. Zakudya zina zimene mbewu imatenga m'nthaka zimatha kusamuka mkati mwa mbewuyo. Nayitirojeni, maginiziyamu ndi potaziyamu zili m'gulu limeneli. Zikachepa, rozi amazichotsa m'masamba akale n'kuzitumiza ku mphukira zatsopano, n'chifukwa chake oyamba kudwala amakhala masamba a m'munsi. Ayironi sayenda chonchi. Akalowa m'tsamba wakhazikika momwemo, moti akasowa, masamba akale amakhalabe obiriwira bwinobwino pamene anthete akutuluka otumbuluka. Munthu amene wagwira kusiyana kumeneku sangathire yureya pa rozi amene vuto lake ndi ayironi.

Njala ya nayitirojeni ndiyo yosavuta kuizindikira, ndipo ndi pamene langizo lofala lija limagwira. Masamba a m'munsi amafwifwa onse mofanana, mitsempha ndi pakati pomwe, popanda madontho. Chikasucho chimakwera pang'onopang'ono, nthambi zatsopano zimatuluka zowonda, maluwa amachepa ndipo amakhala aang'ono. Zimachitika kwambiri pa dothi lamchenga mvula ikagwa yambiri, chifukwa nayitirojeni amatsukika n'kupita pansi, komanso mumphika umene dothi lake latha zaka osasinthidwa. Zimachitikanso munthu akakwirira utuchi kapena udzu wosawola m'dothi, pakuti tizilombo towoletsa zinthuzo timayamba tadya nayitirojeni yemwe alipoyo. Mankhwala ake ndi manyowa owola bwino kapena kompositi, ndipo ngati mukufuna zachangu, feteleza wosakaniza pang'ono chabe. Thirirani kaye dothi linyowe, wazani fetelezayo mozungulira patali ndi tsinde, kenako thiriraninso. Feteleza ndi mchere. Akachuluka, kapena akagwera pa dothi louma, amakoka madzi m'mizu n'kuipsereza, ndipo zotsatira zake ndi chikasu chomwecho, chokhala ndi m'mphepete mouma ngati mwawauka. Mumphika mumaoneka zoyera zouma pamwamba pa dothi. Mukaona zimenezo musaonjezerenso kanthu, tsukani dothilo ndi madzi ambiri mpaka atuluke pansi.

Pa ayironi ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya ndalama ndi mtima. Chizindikiro chake n'chokongola ngakhale chili chomvetsa chisoni: tsamba lanthete lachikasu, mitsempha yake yonse mpaka ing'onoing'ono itajambulika yobiriwira. Vuto likakula tsambalo limayera pafupifupi lonse, kenako limayamba kupsa m'mphepete. Zoti ayironi ndiye amachiza chikasu cha mtundu umenewu zinadziwika kale. M'zaka za m'ma 1840 katswiri wa ku France, Eusèbe Gris, anaonetsa kuti tsamba lotere likapakidwa madzi osungunuliramo mchere wa ayironi limabiriwiranso. Koma chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kawirikawiri ayironiyo amakhala alimo m'dothi, wambirinso. Chimene chachitika n'chakuti wamangika, mizu ikulephera kumutenga.

Chommanga ndi dothi lopanda asidi wokwanira. Asidi wa m'dothi amayezedwa ndi nambala yotchedwa pH, imene imakwera asidi akamachepa. Rozi amakonda dothi la pH ya pakati pa 6 ndi 6.5. Ikakwera kupitirira 7, ayironi amasanduka chinthu chosasungunuka m'madzi. Ndipo zimene zimakweza pH ndi zinthu zimene timazichita ndi mtima wabwino. Choyamba ndi phulusa. Anthu amamva kuti phulusa lili ndi potaziyamu, zimene zili zoona, ndiye amalikhuthulira patsinde mwezi ndi mwezi, osadziwa kuti phulusa limagwira ntchito m'dothi ngati laimu. Chachiwiri ndi laimu weniweni wothiridwa popanda kuyeza dothi. Chachitatu ndi madzi olimba, aja amasiya zoyera m'ketulo, akamathiriridwa mumphika kwa nthawi yaitali. Chachinayi ndi zotsalira za simenti. Mnansi wanga wina anabzala mzere wa marozi m'mbali mwa mpanda watsopano wa njerwa, ndipo onse ankatulutsa mphukira zotumbuluka pamene ena a mtundu womwewo, amene anali pakati pa bwalo, anali obiriwira. Anali atathira kale feteleza wa mitundumitundu. Titakumba tinapeza kuti omanga anakwirira zidutswa za matope a simenti m'mbali monsemo. Atachotsa dothilo n'kuikamo lina losakaniza ndi kompositi, mphukira zotsatira zinatuluka zobiriwira.

Kuyeza pH sikovuta. Pali timapepala ndi tizida toyezera timene timapezeka kogulitsa zipangizo za ulimi. Ngakhale viniga amathandiza: mukadontheza pa dothi louma n'kuona likuchita thovu, dziwani kuti muli laimu wambiri. Pamenepo pali njira yachangu ndi njira yokhalitsa. Yachangu ndi ayironi wokutidwa, amene pa paketi amalemba kuti chelate, koma werengani zilembo zake. Wa EDTA amagwira bwino pH ikakhala yosapitirira 6.5, ndipo pa dothi la laimu amangowonongeka. Wa EDDHA, amene amafiiritsa madzi, ndi amene amagwirabe ngakhale pH itafika 8 kapena kuposa. Kupopera ayironi pamasamba kumabiriwitsa msanga, koma kumathandiza masamba okhawo amene anyowa, ndipo otuluka pambuyo pake amabweranso achikasu. Njira yokhalitsa ndiyo kusintha dothilo: kusiya phulusa, kuonjezera kompositi chaka ndi chaka, kuthirira madzi a mvula ngati rozi ali mumphika, ndi kusakaniza ufa wa salufa m'dothi. Salufa amafuna mtima woleza, chifukwa ndi mabakiteriya a m'nthaka amene amamusandutsa asidi, ndipo ntchitoyo imatenga miyezi. Za kukwirira misomali yadzimbiri patsinde, zisiyeni. Dzimbiri ndi ayironi womangika yemweyo amene mizu yalephera kale kumutenga.

Ndinene pano kuti marozi ambiri ogula amakhala omezanitsa, ndipo mizu yake ndi ya mtundu wina. Amene anamezanitsidwa pa Rosa multiflora amavutika msanga pa dothi la laimu, pamene mizu ya 'Dr. Huey' imapirira. N'chifukwa chake marozi awiri oyandikana angaonetse zosiyana pa dothi limodzi. Pogula mbande, funsani kuti anamezanitsa pa chiyani. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amayankha.

Maginiziyamu amaonetsanso chikasu cha pakati pa mitsempha, koma pa masamba akale, ndipo nthawi zambiri m'mbali mwa mtsempha waukulu mumatsala mobiriwira. Maginiziyamu ali pakati penipeni pa chlorophyll, monga anapezera Richard Willstätter wa ku Germany, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1915. Mchere wa Epsom, umene uli ndi maginiziyamu, umachiza vutoli. Koma ndikudandaula ndi mmene mcherewu ukutamandidwira ngati kuti umachiza chilichonse pa rozi. Ngati maginiziyamu sakusowa, suthandiza kanthu, ndipo ukachuluka umalepheretsa mizu kutenga kashiamu ndi potaziyamu. Potaziyamu akachepa, m'mphepete mwa masamba akale mumachita chikasu kenako mumauma. Iyenso akachuluka amatsekereza maginiziyamu. Zakudya za m'nthaka zimalimbirana malo pamizu, ndipo aliyense wothira chimodzi mosayeza amasokoneza chinzake.

Tsopano madzi, amene kwa ine ndi oyamba kuwakayikira nthawi zonse. Mizu imapuma. Pakati pa timibulu ta dothi pamakhala mpweya, ndipo madzi akadzaza mipata yonseyo kwa masiku angapo, timizu ting'onoting'ono timene timayamwa madzi ndi chakudya timafa. Rozi wotere amafota ngakhale ali m'madzi, chifukwa alibenso chomwera. Masamba a m'munsi amachita chikasu, amalendewera ofewa, amathothoka mukangowakhudza. Mwini wake akaona kufotako amaganiza kuti ndi ludzu, amathiriranso, ndipo ndi mmene rozi amathera. Choipanso n'chakuti mizu yomira imalephera kutenga ayironi ndi nayitirojeni, ndiye tsamba limaonetsa njala pamene chakudya chilipo. Feteleza pamenepo amangomalizitsa mizu yotsalayo.

Kusiyanitsa ludzu ndi kumira kumafuna chala basi. Pisani m'dothi masentimita 5. Ngati muli chinyezi, musathirire. Rozi wa ludzu masamba ake amauma m'mphepete n'kumachita phokoso mukawafinya, ndipo akathiriridwa amadzuka tsiku lomwelo. Womira sadzuka. Mukakayika, fukulani pang'ono muone mizu. Yamoyo imakhala yoyererako ndi yolimba, yowola imakhala yoderako, yofewa, yonunkha. Mayi wina anandibweretsera rozi amene anamugula mumphika wokongola kwambiri, atatsala ndi masamba owerengeka. Titatembenuza mphikawo tinapeza kuti ulibe bowo ngakhale limodzi, ndipo pansi panali madzi onunkha. Tinadula mizu yowola, tinafupikitsa nthambi kuti zilingane ndi mizu yotsala, tinamuoka mumphika wobooka, ndipo anaphukanso. Mphika uliwonse uzikhala ndi mabowo, ndipo kambale kapansi kasamakhale ndi madzi. Kuyala miyala pansi pa mphika sikulowa m'malo mwa mabowo, kumangochepetsa malo a mizu.

Kwa amene akubzala pansi, yesani malowo musanabzale. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lidzazeni madzi. Ngati mawa lake madzi adakalimo, pamenepo rozi sangakhale bwino pokhapokha mutakweza bedi. Kathiriridwe kabwino ndi kothira ambiri nthawi imodzi n'kudikira, osati kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Muyezo umene alimi a marozi amayambirapo ndi madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 25 pa sabata, amene ndi malita 25 pa sikweya mita imodzi, ndipo kukatentha kapena dothi likakhala lamchenga amafunika oposa pamenepo. Kuphimbira dothi ndi udzu wouma, makungwa kapena kompositi wokhuthala masentimita 5 mpaka 8 kumasunga chinyezi ndi kuziziritsa mizu. Zophimbirazo zisagunde tsinde.

Chikasu chikabwera ndi madontho, nkhani yasintha. Matenda ofala kwambiri a rozi padziko lonse ndi a madontho akuda, amene pa mabotolo a mankhwala amalembedwa kuti black spot. Amayamba ndi fangayi, kachirombo ka mtundu wa nkhungu, wotchedwa Diplocarpon rosae. Madontho ake ndi akuda, ozungulira, m'mphepete mwake mosalongosoka ngati mwa nthenga. Chikasu chimayambira pozungulira dontholo n'kufalikira tsamba lonse, kenako tsambalo limagwa. Amayambira m'munsi chifukwa timbewu ta fangayiyu timakhala pa masamba akugwa ndi pa nthambi zodwala, ndipo madontho a mvula kapena a madzi othirira ndi amene amatithovutsira m'mwamba. Kuti timere, tsamba liyenera kukhala lonyowa kwa maola pafupifupi 7. Mfundo imeneyi ndiyo yofunika kuisunga, chifukwa kapewedwe konse kakuchokera pamenepo. Thirirani patsinde, osati pamasamba. Thirirani m'mawa kuti chilichonse chonyowa chiume msanga. Bzalani motalikirana, dulirani nthambi za mkati kuti mphepo izidutsa. Tolani masamba onse akugwa, thyolani amadontho, muwatenthe kapena muwakwirire kutali, osati pa mulu wa kompositi. Podulira chotsani nthambi zokhala ndi zipsera zofiirira.

Matendawa sapha rozi nthawi imodzi. Amamuvula masamba, iye n'kutulutsa ena, n'kumuvulanso, mpaka mphamvu zimuthere. Munthu wothira feteleza wambiri pamenepa amangotulutsa masamba anthete amene fangayi amawagwira mosavuta. Mankhwala opopera alipo, monga mancozeb, tebuconazole, myclobutanil, a kopa ndi salufa, koma tidziwe ntchito yake. Amateteza masamba amene sanadwale. Dontho limene laoneka kale silifufutika. Ndiye amayenera kuyambidwa nyengo yonyowa ikamayamba, kubwerezedwa pa masiku 7 mpaka 14 monga mwalembedwera pa botolo, ndi kusinthanitsidwa kuti fangayi asawazolowere. Salufa amawaula masamba kukatentha kupitirira madigiri 30. Valani zodzitetezera, musapopere njuchi zili pamaluwa, ndipo fufuzani ngati mankhwalawo ali ololedwa kumene muli. Chlorothalonil, amene kale ankagwiritsidwa ntchito kwambiri pa matendawa, mayiko a mu European Union anamuletsa mu 2019.

Ineyo maganizo anga ndi akuti rozi wofuna kupoperedwa sabata iliyonse kuti akhale ndi masamba sayenera malo m'munda. Mitundu imasiyana kwambiri pa kupirira. Odziwa mbiri ya marozi amaloza chaka cha 1900, pamene Joseph Pernet-Ducher wa ku Lyon anatulutsa 'Soleil d'Or', wochokera ku Rosa foetida. Kudzera mwa iyeyu marozi amakono analandira maluwa achikasu chowala ndi aolenji, koma analandiranso kufooka pa madontho akuda. Obereketsa mitundu a masiku ano akukonza zimenezi. 'Knock Out' wa William Radler wa ku United States, amene anatuluka mu 2000, anatchuka chifukwa chopirira matendawa. Ku Germany kuli mayeso otchedwa ADR, kumene mitundu yatsopano imalimidwa zaka 3 osapoperedwa mankhwala, ndipo chizindikirocho chimaperekedwa kwa yopirira yokha. Ngakhale simungapeze mitundu imeneyi, yendani nthawi ya mvula muone marozi amene akadali ndi masamba pamene ena avulidwa. Amenewo ndiye odulako nthambi zobzala.

Pali matenda ena awiri a pamasamba oti muwadziwe. Dzimbiri la masamba limaonetsa timadontho tachikasu pamwamba pa tsamba, ndipo kunsi kumakhala ufa waolenji umene umatsalira pachala. Enawo, oyamba ndi kachirombo kotchedwa Peronospora sparsa, amabwera kukazizira kuli chinyezi chambiri, madontho ake ndi ofiirira okhala ndi ngodya, ndipo amagwetsa masamba mofulumira kwambiri, kuyambira ngakhale kumtunda. Ukhondo ndi mphepo yodutsa zimathandiza pa onsewa.

Nyengo yotentha ndi youma ili ndi mdani wake, akangaude ofiira. Ndi aang'ono kwambiri, pafupifupi theka la milimita, ndipo amakhala kunsi kwa tsamba n'kumayamwa. Pamwamba pamaoneka timadontho totumbuluka tambirimbiri ngati mwabayabaya ndi singano, kenako tsamba limatuwa, limachita chikasu chakuda, limauma. Akachuluka mumaona ulusi wopyapyala. Tengani pepala loyera, liikeni pansi pa nthambi, gwedezani. Mukaona timadontho tikuyenda, ndi iwowo. Kukatentha kwambiri dzira limafika pokhala kangaude woikira mazira m'sabata imodzi yokha, n'chifukwa chake amaoneka ngati abwera usiku umodzi. Apa ndipamene ndimalola kunyowetsa masamba: m'mawa, tsirani madzi amphamvu kunsi kwa masamba, mubwereze pakapita masiku awiri kapena atatu mpaka achepe. Sopo wophera tizilombo ndi mafuta opopera mbewu zimathandizanso, bola mafutawo asakumane ndi salufa pasanathe masabata awiri. Chenjerani ndi mankhwala ophera tizilombo tonse, monga carbaryl. Akangaude sali m'gulu la tizilombo ta miyendo 6, ndipo mankhwala otere amapha adani awo n'kuwasiya iwo akuswana momasuka.

Mukaona mizere yachikasu yokhotakhota, timikombero kapena mawangamawanga pa masamba a nthambi imodzi kapena ziwiri, tsamba lili losalala lopanda chilonda, ameneyo ndi vayirasi wa mosaic. Njira yake yaikulu yofalira ndi kumezanitsa, kutanthauza kuti rozi amabwera naye kuchokera ku nazale. Mankhwala ake palibe, ndipo feteleza sachotsa mizereyo. Rozi angathe kukhala naye zaka akuchita maluwa, ngakhale mocheperako. Mungamusunge ngati mukumukonda, koma musadulepo nthambi zobzala kapena zopatsa anzanu. Palinso chikasu chobwera ndi mankhwala ophera udzu. Rozi amamva msanga glyphosate, ngakhale kankhungu kochepa kouluzika ndi mphepo. Mphukira zimatuluka ndi timasamba tating'ono, topyapyala, tachikasu, tothithikana, ndipo nthawi zina zimenezi zimaoneka patapita miyezi. Sipuleya imene mwapoperera udzu musapoperenso marozi.

Ndisaiwale kunena kuti chikasu china sichifuna mankhwala konse. Tsamba limakalamba. Masamba a mkati ndi a m'munsi amene aphimbidwa ndi anzawo sapezanso dzuwa, ndipo rozi amachotsamo chakudya n'kuwataya. Masamba ochepa otere pa rozi amene akuphuka bwino kunsonga si vuto. Wongookedwa kumene amatayanso masamba pamene mizu ikugwira, ndipo chimene amafuna ndi chinyezi chokhazikika, osati feteleza. Koma ngati rozi yense ali wotumbuluka, nthambi zake zazitali zoonda zopendekera mbali imodzi, onani mthunzi. Amafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku. Mtengo umene unali waung'ono pomubzala mwina lero wamuphimba, ndipo mizu yake ikumulanda madzi.

Mukapeza vuto n'kulikonza, musayembekezere kuti masamba akale abiriwiranso. Kupatula a njala ya ayironi kapena nayitirojeni imene yagwidwa msanga, tsamba lachikasu lapita. Umboni woti mwachiza uli pa mphukira zotuluka pambuyo pake, ndipo zimatenga masabata angapo. Dziwaninso kuti mphukira za marozi ambiri zimatuluka zofiira, amenewo si matenda. Konzani chinthu chimodzi pa nthawi. Munthu amene tsiku limodzi wathira feteleza, mchere wa Epsom, ayironi ndi mankhwala opopera sadzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chawononga. Musathyolenso masamba onse achikasu nthawi imodzi ngati alibe matenda, pakuti tsamba lobiriwira theka likugwirabe ntchito.

Alipo rozi amene mwakonza madzi, mwayeza dothi, mulibe madontho kapena akangaude, koma chaka ndi chaka akunka nachepa. Ameneyo mufukuleni muone mizu. Mukapeza timatuza tomangika pamizu, chochititsa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso ta mtundu wa Meloidogyne, timene timakonda dothi lamchenga lofunda. Mizu ya rozi wa mtundu wa 'Fortuniana' imatipirira, ndipo kompositi wambiri amachepetsa mphamvu yake. Mukapeza chotupa chachikulu chokakala pamene tsinde lakumana ndi mizu, ndi matenda a mabakiteriya, ndipo roziyo ndi wofunika kumuzula ndi kumutentha. Pamalo amene pachoka rozi musabzalepo mnzake mwachangu, chifukwa watsopanoyo kawirikawiri amapinimbira n'kuchita chikasu ngakhale anabwera wathanzi. Ngati malo ena mulibe, chotsani dothi la m'dzenjelo, masentimita 60 m'lifupi ndi osachepera 30 kuya, mulowetsemo lochokera pamene sipanamerepo rozi. Dothi lochotsedwalo silinawonongeke, mbewu za mtundu wina zimakula bwino pamenepo.

Ine wanu,
Wolima marozi